Mamilimita Awiri

Sigele wabwera kutchuthi mu Juni,
mwezi umene mphepo ya pa Bembeke imaluma makutu.
Wabwera ndi chikwama chimodzi, jekete laubweya,
ndi sitima yapamadzi yopindidwa papepala.

Wayiyala pabenchi langa lowotchererapo,
pakati pa mahinjesi a bambo Kamtedza ndi mbaula yosatha kukonza.
Akuti, Ababa, iyi ndi mphuno, izi ndi nthiti.
Ikupita kumene nyanja imauma gwa ngati konkire,
kumene usiku umodzi umadya miyezi.
Madzi oundanawo siichita kuwaboola, ayi,
imawakwera ndi chifuwa
n'kuwathyola ndi kulemera kwake,
monga ng'ombe ikatsamira mpanda wa mapesi.

Ine nyanja yamchere sindinaiponde.
Chimene ndimadziwa ndi chisanu,
chija chimatsikira kudambo anthu ali mtulo,
kukacha masamba a kachewere ali bii
ngati wina wadutsamo ndi muuni.

Akuti chitsulo nachonso chimamva kuzizira.
Ndaseka. Zaka makumi atatu ndikuchipinda ndi manja awa,
lero chizifuna bulangete?
Akuti kuzizira kukapyola muyezo
chimaleka kupindika, chimangoti phwa!
ngati kapu yadothi ya kuboma ikagwa pasimenti.

Ntchito yake, ndamva tsopano, ndi dzina.
Ena ajambula, ena awotcherera,
iye ayeza, ayezanso, asaina, adinda chidindo,
ndipo anthu makumi asanu ndi atatu amakagona tulo
kuseri kwa dzinalo,
dzina lomweli lasuluka pachikwangwani changa cha pamsewu.

Foni yalira kachitatu.
Wakwera pachulu kusaka netiweki,
mphepo ikunditayira mawu ake oduka mitu.
Chitsulo cha pamphuno chaperewera mamilimita awiri.
Awiri okha.
Ndatenga tepi, ndayeza:
chikhadabo changa chakumanja chikuposa pamenepo.
Eni sitima akuti kukonza kudya miyezi inayi
ndi ndalama zogulira Dedza yense, phiri ndi mapaini ake omwe.
Akuti chaka chino ayezi ndi wofewa.
Akuti mtsikana, usatichedwetse.

Sindinamuuzepo za ekiselo ija.
Chinali chaka cha njala, iye akukwawa.
Mwini ngolo anali pamsana panga, msika ukumuthawa,
ndipo ine ndinakaona kamng'alu,
kochepa ngati tsitsi la khanda.
Ndinakaona ndithu.
Ndinakapaka penti yakuda, ndinalandira ndalama, tinadya.
Inakathyokera pamtsetse wolowera ku Khwekhwerere,
matumba khumi a mbatata kumwazika mpaka kuphompho,
ndipo pansi pa ngoloyo panali Lufeyo.
Mpaka lero amadutsa pano akukoka mwendo,
navula chipewa:
Mwaswera bwanji, amisiri?

Palibe anandifunsa chiphaso.
Palibe anabwera ndi buku.
Mlandu wosazengedwa ndiwo suchoka pakhomo.

Watsika pachulu milomo itauma,
cholembera chikadali chobayidwa m'tsitsi.
Wakhala pachitini cha penti, manja pamakala.
Ndakana, akutero.
Mwina andichotsa, Ababa.
Kenaka wafunsa ngati chimanga chowotcha chatsalako.

Ndinafuna kunena chinachake chachikulu,
cha mtundu wa mawu amene bambo amasiyira mwana,
koma pakhosi panali dzimbiri.
Ndamupatsa chimanga.

Nkhungu yatsika kuchokera kuphiri,
yameza msewu, yameza malole opita ku Lizulu.
Kutali uko, kumene sindidzafikako,
sitima yaima padoko, mphuno ili m'mwamba,
ikudikira mamilimita ake awiri,
ndipo wophika wake, amene sadzamva za Bembeke,
mwina akutukwana kuchedwa.
Atukwane ali moyo.

Ndatola mahinjesi a bambo Kamtedza,
aja ndinati ndamaliza dzulo.
Ndawayang'ana limodzilimodzi pakuwala kwa pakhomo.
Lachitatu lili ndi kabowo pamsoko,
kosakwana ndi njere ya mpiru.
Abwera kudzatenga mawa m'mawa.
Ndalumikiza waya, ndatsitsa galasi kumaso,
ndayambanso.